Mwera ukakweza nsalu, manyazi ndi a yani?

Ndili ndi mafunso amene andikhala pamtima chiyambire mwezi wa Julaye chaka chatha, ndipo aliyense amene ndamufunsa kuno ku Makokola wandiyankha theka lokha.

Linali Loweruka, mwera uli pachimake. Asodzi adali atakokera mabwato kumtunda, nyanja ikuchita thovu mpaka kutali, mchenga ukuluma m'miyendo. Tsiku limenelo kudali ukwati wa mwana wa kwathu kuno ndi mnyamata wa ku Scotland, ndipo anthu adaguba kuchokera pamsewu wa ku Monkey Bay kutsikira kugombe. Patsogolo padali bambo wina wamtali, wa ndevu zaimvi, akuliza chitoliro chokhala ndi thumba lomwe ankalipana m'khwapa. Buluku sadavale. Adavala nsalu ya mizere yopingasana, yofiira ndi yobiriwira, yolekeza m'mawondo. Eni ake amati kilt. Ana a m'mudzi ankangofuula kuti siketi.

Choyamba kundizunguza mutu chidali ichi: mphepo yomwe imagwetsa thandala la usipa idalephera bwanji kuikweza nsalu ija? Ndidali pafupi, ndidaona ndi maso anga. Mwera ukakuntha, kumbuyo kunkagwedezeka uku ndi uku, koma kutsogolo kuli duu. Amalume anga, omwe akhala pa makina osokera ku Mangochi boma zaka zambiri, adapempha kuti aigwireko phwando litatha. Pobwera adandifotokozera kuti ndi ya ubweya wa nkhosa, yolemera ngati bulangete, ndipo imadya nsalu pafupifupi mamita 7, pomwe chitenje cha amayi ndi mamita 2. Kumbuyo kuli mapindo ambirimbiri osokedwa cha m'chiuno. Kutsogolo nsalu ndi ziwiri zosanjikizana, ndipo pamwamba pake pamalendewera kachikwama kachikopa, kotchedwa sporran, komwe kamapsinja nsaluyo. Pakona yakumunsi pali pini yachitsulo.

"Piniyo imalumikiza nsalu ziwirizo, amalume?"

"Iyayi, imangobaya yapamwamba yokha. Ntchito yake ndi kulemera basi."

"Ndiye kuti kwawonso kuli mwera?"

Adati kwawoko mphepo ndi yosatha, ndipo wosoka woyambayo adaiganizira mphepoyo asanadule nsalu. Apa ndidamva.

Chimene sindidamve ndi cha anyamata. Gulu lonse linkathamanga m'mbali mwa perete, ena atawerama, mafoni ali m'manja, kudikira kuti mwera uwachitire ntchito. Ankafuna kuona chiyani? Anyamata omwewa Lachisanu lililonse amaona abambo awo akupita kumzikiti atavala mkanjo. Pa ziyala amuna amadzaza msewu, mbendera zili m'mwamba, mikanjo yoyera ikuuluka, ndipo palibe mwana amene amawerama kuti asuzumire. Mkanjo nawo ulibe miyendo ngati buluku. Kusiyana kuli pati? Wina adati ndi kutalika. Koma asodzi amakoka khoka ndi kabudula wofupika kuposa nsalu ija, tonse tikuona. Anganga amanena kuti abambo awo ankamanga nsalu m'chiuno, buluku adachita kumuonera kwa alendo. Ena mwa alendowo adali a ku Scotland komweko, aja adafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala. Nanga tidayamba liti kuganiza kuti mwamuna ndi buluku?

Funso lomwe limandipweteka ndi lina. M'gulu lomwelo mudali mtsikana atasenza beseni la mphatso, manja onse awiri ali m'mwamba kugwira beseni kuti lisagwe. Mwera udamutsegula chitenje mpaka pabondo ndi kupitirira. Mkati adali atavala, sikuti adali chabe. Adaima, osadziwa kuti asiye beseni kapena asiye chitenje. Mafoni aja onse adatembenukira kwa iye. Madzulo ake pachitsime nkhani idali yoti mwanayo alibe mwambo. Bambo uja anthu adamuseka mokondwa, n'kujambulitsa naye. Mtsikanayo adanyozedwa, ndipo Lamulungu sadaoneke kutchalitchi. Mphepo idali imodzi. Adalakwa chiyani chimene bambo uja sadalakwe?

Ndidapita kwa anganga. Adadzuka pamphasa n'kundionetsa mmene iwo ankamangira nthawi ya mwera: kuzunguliza nsalu mokwanira kuti m'mphepete mwake mugwere pambali, kumanga ndi mpango wina pamwamba, n'kumaponda pafupipafupi.

"Nanga manja akakhala ndi katundu, anganga?"

"Mnzako amayenda mbali yomwe kukuchokera mphepo, n'kukutchinga. Ikatseguka amakumangira, osayankhula kanthu."

"Nanga bwanji tsiku lija palibe adapita kukamumangira?"

Anganga adangoyang'ana kunyanja. Inenso ndidali pomwepo tsiku lija, ndipo sindidasunthe. Zimenezi zimandisowetsa tulo.

Bambo wa chitoliro uja adauza amalume kuti mu 1746 boma la Britain lidaletsa amuna a kumapiri a Scotland kuvala nsalu imeneyi, kupatula asilikali ake, ndipo lamulolo lidachotsedwa mu 1782. Kuno kwathu lamulo la 1973 lidaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi zazifupi mpaka 1993. Kwina boma lidakakamiza amuna kuvala buluku, kwina lidaletsa akazi kuvala buluku yemweyo. Boma limaopa chiyani pa nsalu? Ndipo ngati buluku sakwezedwa ndi mphepo, bwanji udali mlandu kuti mayi avale? Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre adavula amayi pamsewu chifukwa cha mabuluku ndi siketi zazifupi, akuti pofuna kuteteza ulemu. Nthawi imeneyo kudalibe mwera, adali manja a anthu. Munthu angateteze bwanji ulemu wa mayi pomuvula?

Tsiku lokumbukira ufulu wathu, 6 Julaye, limagwa pakati pa nyengo ya mwera chaka chilichonse. Mchemwali wanga wamng'ono ali m'gulu la atsikana oguba pasukulu pawo, ndipo siketi yawo ndi ya nsalu yopepuka, yomwe sukulu idakwanitsa kugula. Amalume atenga timiyala ta mtovu, tija asodzi amamangira kumaukonde, n'kutisokera mkati mwa mpendero, tinayi kutsogolo, tinayi kumbuyo. Dzulo adaiyesa pagombe, mphepo ikuwomba, ndipo idakhala bwinobwino. Koma m'gulumo muli atsikana makumi awiri, ndipo enawo alibe malume wosoka.

Ndafunsa aphunzitsi ngati ndingaloledwe kuyenda m'mbali mwa mzere wawo, mbali ya kunyanja kumene mwera umachokera, nditanyamula chitenje paphewa. Ati aganizire kaye, chifukwa sizidachitikepo. Nanga pali choganizira chanji pamenepa?