Ng'oma Inang'ambika, Koma Matikiti Akugulitsidwabe

Mu Ogasiti 2024, madala atatu oyandikira zaka 70 anakwera pa siteji ya Bush Hall ku London n'kuyamba kuimba nyimbo zolalatira boma zimene anapeka ndevu zisanakhwime. Awa ndi Steve Jones, Paul Cook ndi Glen Matlock, a gulu la Sex Pistols. Woimba wawo wakale, John Lydon, anayambana naye, ndiye anabwereka Frank Carter, mnyamata wobadwa mu 1984, gululo litatha kalekale. Kuchoka apo anayamba kuzungulira mayiko. Pamenepa mpomwe ndayamba kuwakayikira akuluakulu amene anatiuza kuti ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika.

Tisawanyoze msanga, pakuti pa nkhani ya kung'ambikayo analasa. Gululi linabadwira mu 1975 pa sitolo ya zovala ya Malcolm McLaren ndi Vivienne Westwood pa King's Road. John Lydon, amene ankatchedwa Johnny Rotten, sanamutengere mawu okoma ayi. Anamukondera tsitsi lobiriwira ndi maso a munthu wofuna ndewu. Pa 1 Disembala 1976 anyamatawa anatukwana pa wailesi ya kanema, pa pulogalamu ya Bill Grundy, mabanja ali pa chakudya chamadzulo. Kampani yojambula nyimbo ya EMI inawapitikitsa mu Januwale 1977. Ya A&M inawalemba mu Malichi, mwamwambo, patebulo loikidwa panja pa Buckingham Palace, koma sabata isanathe nayonso inawaonetsa msewu. Anatulutsa chimbale chenicheni chimodzi chokha, mu Okutobala 1977, ndipo pa 14 Januwale 1978, ku Winterland mumzinda wa San Francisco, anaimba komaliza n'kubalalika. Zaka ziwiri ndi theka, basi, phwaa!

Chimene mwambiwu unaiwala kutiuza n'chakuti ng'oma yong'ambika ili ndi msika wake. EMI inawasiyira mapaundi 40,000. A&M, pofuna kuti achoke mwamtendere, inawapatsa mapaundi 75,000. Ena timagwira ntchito kuti tilandire malipiro, awa ankalandira chifukwa chochotsedwa. Nyimbo ya "God Save the Queen" inatuluka pamene Mfumukazi Elizabeth ankakondwerera zaka 25 ali pampando. BBC inailetsa, masitolo ena anakana kuigulitsa, iyo n'kukwera mpaka nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri. Ngakhale tsiku limene anaimbira anthu pafupifupi 40 okha ku Manchester, pa 4 Juni 1976, silinapite pachabe: ena mwa oonererawo anaona kuti kusadziwa gitala si mlandu, ndipo anakayambitsa magulu ngati Joy Division ndi The Smiths.

Ndiye taonani ukalamba wake. Mu 1996 anakumananso, Lydon n'kunena poyera kuti chawagwirizanitsa ndi ndalama za oonerera. Mu 2006 anaikidwa mu Rock and Roll Hall of Fame, iwo anakana kupitako n'kutumiza kalata yachipongwe, kuti tisaganize kuti afatsa. Patangotha zaka ziwiri, Lydon yemweyo anaoneka pa kanema atavala suti ya bwana wa kumudzi, akutsatsa batala wa Country Life. Mu 2015 banki ya Virgin Money inatulutsa makhadi a ngongole okhala ndi zithunzi za zimbale zawo, kuti munthu azitha kugula kabichi ndi chizindikiro chogwetsera boma, chiwongoladzanja n'kudzalipira kumapeto kwa mwezi. Mu 2016 British Library inakonza chionetsero cha zaka 40 za punk, mtundu wa nyimbo zawo, zotukwana zija zitaikidwa m'magalasi, mlonda ali pambali kuti musakhudze. Joe Corré, mwana wa McLaren ndi Westwood, zinamunyansa, moti anatentha katundu wake wa punk pa bwato mumtsinje wa Thames. Atolankhani chimene anagwira ndi mtengo wa katunduyo, woti unali mapaundi 5 miliyoni. Ngakhale moto unapsa ndi lisiti.

Komabe pali pamene kuseka kumandithera. Ng'oma ikang'ambika, thunthu silitayidwa. Amangopeza chikopa china n'kukunganso. Thunthu pano ndi dzina la gulu, makampani ndi mapangano. Chikopa ndi munthu. Sid Vicious analowa m'malo mwa Matlock mu 1977 asakudziwa bwino kuimba bezi; anamutengera nkhope ndi misala, ndipo anthu ankalipira kuti amuone akudzivulaza. Mu Okutobala 1978 chibwenzi chake, Nancy Spungen, wa zaka 20, anapezeka atafa ku Chelsea Hotel ku New York, Sid n'kumangidwa. Mlandu usanazengedwe, pa 2 Febuluwale 1979, iyenso anafa ndi heroin ali ndi zaka 21. Nkhope yake lero ili pa masikipa ogulitsidwa m'masitolo a anthu olemera. Ine ndimaona kuti akuluakulu aja ankachenjeza chikopa, pomwe ife timayesa mwambiwo poyang'ana thunthu.

Nanga chipwirikiti chonse chija chinathera kuti? Ku khoti, monga mkangano wa malire a munda. Mu 2021 Lydon anakana kuti nyimbo zawo zigwiritsidwe ntchito mu Pistol, sewero la pa kanema la Danny Boyle. Jones ndi Cook anamutengera ku High Court ya ku London, ndipo woweruza anatsegula pangano limene anyamatawo anasaina mu 1998, loti pakakhala kusagwirizana, mbali ya ambiri ndiyo izipambana. Lydon anagonja. Amuna amene anatchuka ndi nyimbo ya "Anarchy in the U.K." anayanjanitsidwa ndi demokalase, mothandizidwa ndi khoti la Mfumukazi yomwe ija, aliyense atakhala phee pambali pa loya wake.