Agogo Amene Ndinawapha pa Tisheti

Pa khadi langa la bizinesi ndinalembapo kuti ndine Creative Director, koma pa Chinakanaka pano palibe amene ananditchulapo choncho. Amangoti “wa matisheti uja”. Kampani yonse ndife anthu awiri, ine ndi mwana wa achemwali anga, amene malipiro ake ndi nkhomaliro ndi malonjezo. Katundu wathu ndi laputopu, pulinta, makina odulira masitika, ndi makina otentha osindikizira malaya, amene abwana anga akale ku Limbe anandigulitsa atatopa nawo. Zikwangwani zikuluzikulu za pulasitiki sitingathe kusindikiza. Ndimangozijambula n’kutumiza ku Limbe, kenako n’kumayimbira kondakitala wa minibasi kumupempha kuti asazikhalire.

Ndinabwera kumudzi ndi maloto ophunzitsa amalonda kuti bizinesi iyenera kukhala ndi nkhope yake yokha. Amalondawo anagwirizana nazo, kungoti onse amafuna nkhope imodzi: phiri la Mulanje, pansi pake tsamba la tiyi. Nsonga ya Sapitwa, ndi mamita ake onse 3,002, ndayijambula pa chikwangwani cha saluni, cha butchala, cha sukulu ya mkaka, pa mabotolo a uchi, ngakhalenso pa khomo la wokhoma mabokosi a maliro. Ukawauza kuti mnzawo woyandikana naye ali kale ndi phiri, amati, “Ndiye langalo mulikulitseko.”

Koma ndalama yeniyeni siili m’zikwangwani. Ili pa nkhope za anthu: akwati, omaliza sukulu, ndi akufa. Mwezi wathu wokolola ndi Okutobala. Pa 15 pali tsiku la anakubala, aliyense akufuna nkhope ya mayi ake pa kapu kapena pa malaya. Mwezi womwewo anthu amakhamukira ku Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, magulu a tchopa ndi mabanja ochokera kutauni akufuna zovala zofanana. Maukwati nawo amathamangitsana ndi mvula, ziliza chimodzimodzi, poti simenti imafuna dzuwa. Munthu ukagona mu Okutobala, mu Febuluwale udzadya zikwangwani.

Mu Okutobala wa 2024 ndinali ndi njala ya ntchito. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene ndauza kasitomala Lolemba unkakhala utatha ntchito pofika Lachisanu, ndikaima pa kauntala ku Limbe kugula matisheti oyera. Mafuta a galimoto nawo anali atayamba kusowa, a kabaza akutchula mitengo mosayang’ana nkhope. Ndiye pamene uthenga unalowa pa WhatsApp kuchokera ku nambala ya ku South Africa, ndinaimirira ndi kuuwerenga nditaima.

Anali mayi wina wa m’mudzi wakufupi konkuno, amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Ankafuna matisheti 60 a mwambo wa chiliza cha bambo ake, Loweruka la sabata yomweyo. Sanakambe za mtengo. Dipoziti inalowa pa foni tsiku lomwelo. Makasitomala a kwathu kuno amayamba ndi kukufotokozera ubale wa agogo ako ndi agogo awo, kuti pofika pa mtengo uchite manyazi. Uyu anangoti, “Achimwene, zikhale zokongola basi.”

Chithunzi chinali chimodzi chokha. Zina zonse zinapita ndi madzi nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamodzi ndi nyumba. Chotsalacho chinali pakhoma kwa mbale wina, ndipo wina anachijambula ndi foni, galasi likunyezimira. Munali akuluakulu awiri atakhala pa benchi pa ukwati, onse mu majekete, onse zipewa pa bondo, mphuno imodzi, makutu amodzi. Mawu amene mayiyo anatumiza anali akuti, “Bambo ndi ali kumanjawo.”

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanafunsa kuti kumanja kwa ndani, kwa woyang’ana chithunzi kapena kwa okhala pa benchiwo. Mwambi wa safunsa uja musavutike kundiuza, anandiuza kale anthu a midzi itatu. Funsolo linandifikira ndithu m’mutu. Koma ndinaona kuti Creative Director safunsa zinthu zachibwana kwa kasitomala wa ku Joni, angaganize kuti wapereka ndalama kwa munthu wosadziwa kumanja. Ndiye ndinagwiritsa ntchito diso la ukatswiri. Mmodzi anali wonenepa, akuseka, khungu losalala. Winayo anali wowonda, masaya olowa, maso akuyang’ana patali ngati wamva kale kuitana. Anali kumanja kwanga ine. Mtima unati phee.

Ndinawagwirira ntchito mkuluyo kuposa munthu aliyense amene ndinamujambulapo. Ndinawadula pa benchi paja, ndinachotsa kunyezimira kwa galasi, ndinafafaniza makwinya a pamphumi, jekete ndinaliwongola. Kumbuyo ndinaika mitambo, nkhunda ziwiri, ndi kuwala kotsika kumwamba kugwera pa dazi. Phiri ndinaliikanso, chizolowezi. Pansi pake dzina, zaka, ndi mawu akuti awuse mumtendere. Ndinatumiza kwa mayi uja kuti avomereze. Patapita nthawi panabwera chala chachikulu choloza m’mwamba. Chala chimenecho ndinachisunga mu foni, ndipo ndinadzachionetsa pa bwalo, koma sichinandithandize. Mayiyo anati anali pa ntchito ya usiku, chithunzi sanachitsegule, anangoona mitambo yosaoneka bwino n’kuganiza kuti katswiri akudziwa.

Nkhope pa malaya imaikidwa m’njira zingapo. Yotchipa ndi ya pepala lomata, limene likachapidwa kangapo limang’aluka n’kuyamba kusupuka. Yabwino ndi imene timati sublimation. Umasindikiza chithunzi chotembenuza pa pepala lapadera, n’kuchipanikiza pa nsalu yoyera ya poliyesita ndi moto wa madigiri pafupifupi 200. Inki imasanduka nthunzi n’kulowa mu ulusi weniweniwo. Sichikhala pamwamba pa nsalu, chimakhala nsaluyo. Ine ndinasankha yabwinoyo, ndipo ndinadzitama nayo kuti ngakhale atachapa pa mwala mu Thuchila kwa zaka khumi, bambowo sadzachoka. Pa zonse zimene ndinalonjeza, ichi chokha ndi chimene chinakwaniritsidwa.

Magetsi anavuta sabata imeneyo, moti tinkasindikiza usiku akayaka, thukuta lili kamukamu m’kachipinda ka malata. Mnyamata wanga anayang’ana tisheti yoyamba n’kunena kuti, “Ankolo, agogo awa ngati ndinawaona pa chigayo.” Ndinamuuza kuti nkhalamba zonse zimafanana, apinde malaya. Tinamaliza Lachisanu kutada, tinalongedza m’majumbo, wa kabaza n’kukatula kumudzi kuja. Achibale anagawana malayawo mumdima, azimayi ali kalikiliki ndi thobwa ndi nkhuni. Ndipo poti ndine munthu wodziwa malonda, kumsana kwa tisheti iliyonse ndinali nditaikako chizindikiro cha kampani yanga ndi nambala ya foni, zilembo zooneka patali.

Loweruka ndinapita nawo, osaitanidwa. Ndinkafuna zithunzi za pa Facebook, m’thumba ndili ndi makadi oti ndigawe.

Ndinafika anthu akusonkhana pabwalo kuti azipita kumanda. Kunali koyera mbee, aliyense atavala ntchito ya manja anga. Ndinamva kukoma. Kenako ndinaona kuti ana akuseka chobisa, akuluakulu akuyang’ana pansi, ndipo mayi wina wamangira chitenje m’khwapa kubisa chifuwa ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. M’kanjira ka kumunda munatulukira mkulu wina ndi ndodo, wowonda, masaya olowa, maso akuyang’ana patali. Anali atavala jekete lomwe lija.

Anali mkulu wawo wa malemu, mwinimbumba wa pamudzipo, amene anayenera kuyankhula pa chiliza m’malo mwa banja. Wonenepa wosekerera uja, wa khungu losalala, ndiye amene anagona kumanda chaka chathunthu. Mkuluyo anaima kutsogolo kwa mdzukulu wake wina, namugwira paphewa kuti asagwedezeke, n’kuwerenga chifuwa chake pang’onopang’ono, chala chikutsata zilembo. Atamaliza anamutembenuza, nawerenganso kumsana. Anafunsa ngati pali amene ali ndi mayunitsi. Foni inalira m’thumba mwanga, ndili mapazi asanu kuchokera pamene anaima.

“Ndiwe, mwana iwe?”

“Ndine, agogo.”

“Ndinafa liti?”

Ndinayamba kufotokoza za kumanja. Palibe anamva, chifukwa alongo awo anali atayamba kale kulira, kulira kwenikweni kwa maliro, ndipo ena anawalandira.

Mwina mukuseka, inenso ndikanaseka chikhala anali wina. Koma kwathu kuno kulemba munthu wamoyo kuti wamwalira si nthabwala, ndi kumulosera, ndipo olosera amafunsidwa kuti wawatuma ndani. Chimene sindinkadziwa n’chakuti panali kale mkangano wa munda. Kwa Alhomwe malo amayenda kuchikazi, ana a mwamuna kwawo ndi kwa mayi awo, koma malemu anali atabzala nanazi ndi mitengo pa munda wa kwawo kobadwira, ndipo ana ake ankati thukuta la bambo awo lisapite pachabe. Amene ankawakaniza anali bambo aakulu omwewa. Tsono mwana wa malemu watumiza ndalama kuchokera ku Joni, ndipo anthu 60 adzuka atavala imfa ya munthu yekhayo amene akutchinga mundawo. Inu mukanakhulupirira nkhani ya kumanja?

Mwambo unachitika anthu atatembenuza malaya kunja kukhala mkati. Poliyesita yoyera ndi yopyapyala, moti nkhope inkaonekerabe, itangoyang’ana kwina. Abusa analalikira mwachidule kwambiri. Nsima sindinadye, ngakhale palibe anandiletsa.

Pa bwalo la amfumu ndinakhala pansi, laputopu pamiyendo, kuonetsa akuluakulu mmene ndinadulira chithunzi. Zimenezi zinaipitsa zinthu, chifukwa anaona ndi maso awo kuti ndi chala chimodzi ndingathe kuchotsa munthu pa benchi n’kumuika m’mitambo. Nduna ina inasendeza mpando wake. Mayi wa ku Joni anayankhula pa foni akulira, kulumbira kuti bambo ake aakulu amawakonda. Chimene chinamupulumutsa n’chakuti uchitsiru wanga unali woonekeratu, moti bwalo linagwirizana kuti munthu wotere sangatumidwe chiwembu. Sindinayambe ndasangalalapo chotero ponyozedwa.

Chigamulo chinali mbuzi imodzi, matisheti atsopano aulere okhala ndi wakufa weniweni, ndi kusonkhanitsa akale onse kuti aperekedwe kwa mwini nkhope. Atawerenga anapezeka 51. Enawo anali atakwera kale minibasi ndi alendo, kupita ku Luchenza, ku Limbuli, ena mpaka kuwoloka Muloza. Mpaka lero imodzi imadutsa pamsewu apa, yavalidwa ndi mnyamata wa kabaza amene amati anagula pa kaunjika ndipo sangavule chifukwa ndi yosatuwa. Potseka mlandu amfumu anawonjezera mawu amene sanali m’chigamulo koma ndi amene andidyera ndalama zambiri: “Mkuluyu akangomva mutu, tikudziwa kokafunsa.”

Mvula itangoyamba, anamva mutu. Uthenga unandipeza ndikudula masitika. Ndinatseka shopu, ndinapeza njinga yamoto pa mtengo wa mafuta a pa chigubu, ndipo ndinawaperekeza ndekha ku chipatala cha Mulanje Mission, nditawakumbatira kumbuyo kuti asagwe. Anali malungo. Bilu ndinalipira ine. Pa benchi la chipatala panali ana awo ndi adzukulu, koma amene ankapemphera mokweza ndinali ine, moti namwino anandifunsa ngati ndine mwana woyamba.

Anachira, ndipo chichirireni aona kuti ali ndi mdzukulu watsopano. Tsiku la msika amafika pa shopu, amakhala pa mpando wa makasitomala, mnyamata wanga n’kuthamangira tiyi wa mkaka ndi mandasi. Aliyense wolowa amamulandira okha. “Mwabwera kudzajambulitsa? Ajambula bwino ameneyu. Ine anandichotsa makwinya onse. Kungoti muzionetsetsa kuti muli moyo.” Matisheti 51 aja sanawotche. Amavala imodzi mkati mwa jekete, ati nsalu yake ndi yabwino, ndipo ena amagawira anthu amene awalimira ganyu.

Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chikuyandikira, ndinkayembekezera kuti ndibweza zonse, poti nyengo ya kampeni nkhope zimasindikizidwa ngati palibe mawa. Munthu wina wofuna ukhansala anafika ndithu, chithunzi chili m’manja. Anapeza agogo ali pampando, anamvetsera nkhani yonse mpaka ku nkhunda ziwiri zija, anabweza chithunzi chake m’thumba, nati akaganize kaye. Zikwangwani zake ndinadzaziona pa mitengo, zosindikizidwa ku Blantyre.

Pano kasitomala akabweretsa chithunzi cha anthu awiri, ndimamupatsa cholembera kuti azunguze yekha mutu wa amene akumufuna, asayine, ndipo abwere ndi mboni. Ena amakwiya, makamaka a maukwati. M’buku la ndalama mnyamata wanga anatsegula tsamba lapadera, pakati pa inki ndi lendi, lolembapo shuga, sopo, mafuta opaka ndi mabatire a wailesi ya agogo. Mwezi watha tsambalo linaposa la inki. M’mawa uno kwabwera kamdzukulu kudzanena kuti agogo agona akutsokomola, ndipo akuti dokotala anawauza kuti chifuwa chotere chimafuna nkhuku.