Magetsi atazima pa Lunzu

Magetsi akazima pa Lunzu, woyamba kudziwa amakhala wowotcherera zitsulo. Makina ake amangoti zii, ndipo akutali amazindikira ataona chigayo chasiya kulira. Tsiku lina mnyamata wowotcherera mafelemu a mawindo anavula magalasi ake akuda n'kudzakhala pa benchi ya mayi wokazinga mbatata, pomwe enafe tinkadikira minibasi. Posapita nthawi panatulukira bambo akukankha njinga, matumba atatu a makala atasanjikizana kumbuyo, thukuta lili kamukamu.

"Otizimitsira magetsi aja ndi awa," anatero mnyamatayo, akuloza ndi chibwano.

"Ine, achimwene? Ndakhudza waya wanji?" Bambo aja anatsamiritsa njinga pa mtengo. "Ndachokera kutsidya kwa Zalewa, ndagona panjira. Magetsi anuwo kwathu sanafikeko, timangoona nthambo zikudutsa pamwamba pa minda."

Panali madala ena ovala jekete lotuwa, amene onse pamenepo ankawatchula kuti aphunzitsi. Iwo ndiwo anailandira nkhaniyo. Anati mnyamatayo sananame, koma wadumpha pakati. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Nkula inayamba kugwira ntchito mu 1966, mapiri a ku Neno ndi ku Mwanza akadali ndi mitengo. Lero mvula ikagwa pa phiri lopanda mtengo imakokolola dothi lonse kupita nalo mumtsinje. Matopewo amakadzaza m'madamu momwe makina amatengamo madzi, namasupuni ndi zinyalala n'kumatsekanso pakhomo pake. Madzi akachepa kapena akada, makina amapuma.

"Ndiye magetsi akazima, amayi awa aphikira chiyani?" anafunsa aphunzitsi aja.

"Makala," anayankha mayi wa mbatata osatembenuka.

"Makalawo achokera kuti?"

Palibe anayankha, chifukwa yankho linali litatsamira pamtengo paja.

Kusukulu ana amaphunzira kuti mphamvu zili m'magulu awiri. Pali zimene zimabwereranso, monga madzi, dzuwa, mphepo ndi mitengo, ndiye pali zimene zikatha zatha, monga malasha, dizilo ndi gasi. Tikatsata mndandanda umenewu, dziko lathu lili kumbali yabwino kuposa maiko ambiri olemera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa atatu mwa anayi alionse amaphikira nkhuni, pafupifupi limodzi mwa asanu limaphikira makala, ndipo ophikira magetsi ndi awiri okha pa 100 alionse. Zonsezi ndi mtengo ndi madzi. Koma ndikamamvetsera pa benchi paja ndinkaona kuti mndandandawu umatibisira chinthu chachikulu: mtengo umabwerera ukapatsidwa nthawi, ndipo madzi amabwerera mtengo ukakhalapo. Mtengo wa tsanya umene umapereka makala okhalitsa pa mbaula umatenga zaka makumimakumi kuti ukule, pomwe mu uvuni umapsa masiku ochepa. Tikaudula mofulumira kuposa mmene umakulira, nkhalango nayo imatha ngati mgodi.

Ndipo Shire simtsinje woti n'kuulumbirira. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti madzi anasiya kutuluka kulowa mumtsinjewu. Chotchinga madzi cha pa Liwonde, chimene chinamangidwa mu 1965, ntchito yake ndi kusunga ndi kugawa madzi omwe alipo, sichingabweretse mvula. Chilala cha 2015 ndi 2016 chitadutsa, mu 2017 anthu ankakhala tsiku lathunthu opanda magetsi, mpaka chaka chotsatira tinabwereka majenereta a dizilo. Mu Januwale 2022 vuto linabwera mosiyana: namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka usiku umodzi, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi asanabwerere.

"N'chifukwa chake ine ndimati malasha basi," anatero wowotcherera uja. "Sitima zodzaza ndi malasha a ku Moatize zimadutsa m'dziko mwathu momwemuno kupita ku Nacala, kukawalitsa maiko a eni. Ku Rumphi tili ndi mgodi wa Mchenga. Pa Kam'mwamba pomwepa anatilonjeza mamegawati 300. Malasha sadikira mvula, madala."

Sindinamuone ngati wolakwa kuganiza choncho. Munthu amene walandira chikole cha mawindo, kasitomala akubwera mawa, safunsa kuti moto wachokera ku chiyani. Aphunzitsi aja anamuuza modekha kuti za Kam'mwamba zinkadalira ngongole ya ku China, ndipo mu 2021 dziko limenelo linalengeza kuti lasiya kumanga malo opangira magetsi a malasha kunja kwa dziko lawo. Pamenepa mpamene dziko losauka limapezeka kuti silisankha lokha. Chimene chimamangidwa ndi chimene wobwereketsa ndalama wavomera. Dizilo nayenso amafuna ndalama zakunja lita iliyonse, ndalama zomwezo zimene tikulimbirana pogula feteleza ndi mankhwala a m'zipatala.

Mtsikana wina amene amatchajitsa mafoni pa kauntala yapafupi analowererapo. Iye magetsi akazima mpamene malonda ake amayenda, chifukwa padenga pake pali sola. "Dzuwa silifuna ngongole, amalume. Ku Salima anaika kale, ku Golomoti anaika. Bwanji osangodzaza dziko lonse?"

Za ku Salima ndi ku Golomoti zimene ananenazo n'zoona ndithu. Malo a ku Salima, a mamegawati 60, anatsegulidwa mu 2021, ndipo a ku Golomoti, a mamegawati 20, anatsatira mu 2022 ali ndi mabatire osungira mphamvu. M'midzi yambiri kasola kakang'ono kachotsa koloboyi, ana akuwerenga usiku opanda utsi wa parafini m'maso. Ichi ndi chinthu chachikulu ndipo chachitika mofulumira, anthu akugula okha popanda wowakakamiza.

Koma mayi wa mbatata anapukusa mutu. "Mwana wanga, sola yakoyo ingaphike nyemba?"

Funso limeneli ndi limene ndinaliona lolemera kuposa onse. Kuwala ndi kuphika ndi njala ziwiri zosiyana. Babu ndi foni zimadya mphamvu yochepa, pomwe mphika wa nyemba umafuna moto wa maola. Ndipo dziko lonse limaphika nthawi imodzi, madzulo dzuwa litalowa, nthawi imene masola asiya kugwira ntchito. N'chifukwa chake mabatire a ku Golomoti ali ofunika, n'chifukwa chakenso damu limene likukonzedwa pa Mpatamanga cholinga chake n'chosunga madzi masana kuti awatulutse madzulo. Komabe Mpatamanga nayo ili pa Shire yemweyo, kumunsi kwa mapiri omwewo.

Wina anatchula gasi. Mayi aja anaseka pang'ono, n'kupukuta manja pa chitenje. Anati gasi amamudziwa, mchemwali wawo wa ku Chilomoni amaphikira, miphika siida, ndipo pamwezi akawerengera amapeza kuti sawononga kuposa wa makala. "Koma kuti muyambe, mugule silinda, mugule chitofu, mudzazitse, zonse tsiku limodzi. Ine ndalama yanga imabwera madzulo, ya tsiku lomwelo. Makala nthawi zambiri ndimagula kajumbo, ka lero lokha. Akadzayamba kugulitsa gasi wa kajumbo mudzandiuze."

Ndikukhulupirira kuti nkhani yonse yagona pamenepa. Timakonda kunena kuti anthu sadziwa kuipa kwa makala, ndiye tiwaphunzitse. Mayi aja amadziwa bwino lomwe, anakulira kumudzi kumene chitsime chinauma mitengo itatha. Chimene chimawasankhira ndi kukula kwa phukusi. Makala amagulitsidwa pamlingo wa thumba la munthu wosauka, amapezeka pakhomo, ndipo sazima nsima ili pamoto. Gasi ndi wa m'gulu la zotha, timamuitanitsa kunja, komabe banja la m'tauni likasamukira ku gasi mitengo ya ku Neno imapuma, ndipo Nkula nayo imapepukidwa. Amene akufuna kupulumutsa Shire ayambire pa mphika wa m'tauni: silinda yaing'ono yolipira pang'onopang'ono, mbaula ya chitetezo yodya nkhuni zochepa, makala a bulugamu ndi nsungwi zodzala dala. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo pamsewu matumba amalandidwa, koma kulanda thumba sikuzimitsa njala ya amene amalidikira.

Aphunzitsi aja anatembenukira kwa mwini njinga. "Bambo, mukadula, zitsa muzizisiya. Mombo ndi tsanya zimaphukiranso mukazitchinjiriza ku moto ndi mbuzi. Zimenezo zimakula msanga kuposa mbande zimene timadzala pa mwambo n'kuziiwala."

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Bambo anga ankatero." Anayamba kumasula chingwe cha mphira. "Koma lero ukasiya chitsa, mnzako akubwera kudzachikumba mawa, chifukwa makala a chitsa ndiwo olemera. Chimanga chaka chino sichinachite. Mukandipezera ganyu wa tsiku ndi tsiku, njingayi ndiinyamulira tomato."

Mayi aja anafunsa ngati makalawo ndi a tsanya. Bamboyo anati thumba limodzi lokha, awiriwo ndi osakaniza ndi mango, chifukwa kumene amaotcherako tsanya watha. Anakambirana mtengo kwa kanthawi, ndipo mayiwo anatenga la tsanyalo, theka la ndalama pompo, yotsalayo Loweruka.