Kandimverere wa M'thumba

Makolo athu, amene analibe lamya kapena nyuzipepala koma anali ndi makutu akuthwa pabwalo la milandu, anatisiyira mawu akuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndipo ine ndikhulupirira kuti mphunzitsi wa ku Canada uja, Marshall McLuhan, akadakhala pansi pa kachere namva akulu akuponya mwambiwu, sakadadzivutitsa kulemba buku lonse la Understanding Media m'chaka cha 1964. Pakuti chiphunzitso chake, tikachipeta ndi kutaya mankhusu, n'chakuti mthenga sangonyamula uthenga ayi, koma auumba monga mwa chifuniro chake, naumbanso iye amene anam'tuma.

Taonani za bambo wina wolemekezeka, amene kuyambira ubwana wake anakonda dimba, nalima mpiru, nkhwani ndi matimati, wopanda wom'yamikira koma mayi a kunyumba ndi mbuzi za mnansi wake. Pamene ana ake anam'gulira foni namulowetsa pa Facebook ndi WhatsApp, ananena mumtima mwake kuti tsopano dziko lidzaona ntchito za manja ake. Anajambula mpiru wonenepa, koma anthu anaulambalala monga wansembe ndi Mlevi panjira ya ku Yeriko. Tsiku lina anajambula duwa lomera lokha m'mbali mwa mpanda, ndipo onani, kunagwa timitima tofiira ndi zala zoloza kumwamba, ngakhale kuchokera kwa adzukulu a ku Johannesburg amene chichokere sanam'funsepo za moyo. Lero mizere yonse yadzala maluwa, ndipo mayi aja ndiwo akugula kumsika, akung'ung'udza njira yonse.

Pa Facebook pomwepo, wosewera bawo ndiye watsoka koposa, chifukwa kukoma kwa bawo kuli m'kuwerenga kwa chamumtima, munthu atagwira chibwano, nkhomo zisanachoke m'dzenje. Koma kamera ilibe chifundo ndi munthu wolingalira, imangoonetsa nkhalamba ziwiri zooneka ngati zaferedwa.

McLuhan yemweyo analosera mu 1962 kuti zipangizo zamagetsi zidzasandutsa dziko lonse mudzi umodzi, ndipo ambiri anaomba m'manja. Ife okulira kumudzi tikadawanong'oneza kuti m'mudzi munthu sakazinga mtedza mnansi osamva fungo. N'chifukwa chake bambo wathu wa dimba uja, amene kale ankagona nkhuku zitangolowa, tsopano achezera kuwerenga maina a amene aona sitetasi yake ya pa WhatsApp, nasunga mangawa pa mlamu wake amene anaona koma osanenapo kanthu. Popeza sitetasiyo ifota pakapita maola 24, iye alawira m'mamawa kukajambula asanatunge madzi. Ndipo tsiku limene magetsi azima, batire n'kutha, maluwawo sathiriridwa n'komwe, pakuti palibe mboni.