Mlesi Adzale Mtengo, Dimba Alisiyire Eni Ake

Chaka chilichonse mvula ikangokata mu Epulo, alangizi a zaulimi amayamba kutiimbira nyimbo ija ya dimba, ndipo ife a m'gulu la anthu otopa asanagwire ntchito timamvetsera mwaulemu, kugwedezera mutu, kenaka n'kubwerera pa bawo. Ndikulemba m'malo mwa gulu limeneli, lomwe kuno ku Kachebere, ku Mchinji, lili ndi mamembala ambiri kuposa amene amavomera poyera. Ndikadakhala wapampando wake, koma kuitanitsa msonkhano nakonso ndi ntchito. Akazi athu amati ndife alesi, ndipo sinditsutsa. Koma ukaipa dziwa nyimbo, ndipo yanga ndi iyi: munthu woopa thukuta ndiye woyenera kudzala mitengo ya zipatso pakhomo kuposa wina aliyense, chifukwa pa zodzalidwa zonse, mtengo wokha ndi umene umalola mwini wake kugona pansi pake iwo uli kalikiliki kumugwirira ntchito. Tili pafupi ndi seminale imene ansembe a White Fathers adatsegula mu 1939, kumene anyamata amaphunzira kuganiza mozama, choncho musadabwe kuti ngakhale mlesi wa kuno amabwera ndi mfundo zoyala bwino.

Ku Ulaya amadikira kuti chisanu chithe, mwina mu Malichi kapena Epulo, n'kudzala masamba ndi mitengo nthawi imodzi. Kuno Mulungu adatigawira nyengo ziwiri: masamba a kudimba nthawi yozizira mvula itatha, mitengo nthawi ya dzinja. Tiyeni tsono tiwerengere zimene dimba limafuna kwa munthu. Uyambe wagaula dambo louma gwaa, uphwanye zibuma, ukonze nazale, ufese repu kapena mpiru, uphimbe ndi udzu, uthirire m'mawa ndi madzulo kwa masabata atatu kapena anayi. Ukatero uwokere m'mabedi, ndipo kheni ija sikupatsa tchuthi ngakhale Lamulungu. Tomato ndiye bwana weniweni: amafuna umuzikire mtengo, umumangirire, umudulire mphukira, umupopere mankhwala, ndipo chifikireni kambozi kaja ka Tuta absoluta m'maiko athu ano cha m'ma 2016, ukhoza kuchita zonsezi n'kupeza masamba atajambulidwa mizere yoyera, zipatso zili mabowo okhaokha. Mbewu ya m'kapaketi, feteleza ndi mankhwala zambiri zimachokera kunja, ndipo pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake idakwera osayang'ana m'mbuyo. Ukajomba masiku atatu mu Okutobala, bedi lonse lagona. Ukapirira mpaka kukolola, pakatha miyezi itatu kapena inayi zonse zatha, uyambirenso pa chibuma choyamba. Amene amakwanitsa zimenezi, ndipo ambiri ndi amayi amene timawaona mbandakucha akutsika kudambo ndi makheni awiri, ndimawavulira chipewa. Ndimawavulira ndili chikhalire, komabe ulemu ndi ulemu.

Mtengo wa mango umapempha zochepa kwambiri poyerekeza. Dzenje limodzi, masentimita 60 m'lifupi, 60 m'litali, 60 kuya, ndipo amphamvu akhoza kufikitsa mita. Dothi lapamwamba uliike padera, ulisakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola bwino, ulibwezere m'dzenjemo. Mvula ikakhazikika, ung'ambe kachubu ka pulasitiki kaja, pakuti alipo abale athu amene amakwirira mtengo utavala chubu chake ngati ukupita ku ukwati, uike mbande yokwatitsa mosamala kuti pamene adakwatitsira pakhale pamwamba pa dothi, upondereze, upange kabeseni kosunga madzi. Zinyalala zophimbira zisakhudze tsinde, chifukwa chiswe chimayenda m'menemo. Ntchito yonseyi munthu wamba amaimaliza dzuwa lisanafike pamutu, ndipo munthu wa mtundu wanga amaimaliza m'masiku awiri kuphatikizapo nthawi yopuma ndi yofotokozera odutsa m'njira zimene akuchita. Kuyambira pamenepo mvula ya Disembala mpaka Malichi imathirira yokha, yaulere. Chilimwe choyamba ndi chachiwiri mtengowo umafuna ndowa yamadzi kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo ukazika mizu sufunsanso kanthu kwa munthu kwa zaka makumimakumi. Ikani pa sikelo: mbali iyi kheni tsiku ndi tsiku moyo wonse, mbali inayo ndowa pa sabata kwa zilimwe ziwiri. Sipafunika kupita kuseminale kuti munthu aone kumene sikelo yapendekera.

Wotsutsa woyamba anena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: repu umathyola pakangotha mwezi ndi theka, pamene mango udzadikira mpaka imvi. Mawuwa anali oona m'masiku a agogo, pamene munthu ankangoponya njere ya boloma kuseri kwa nyumba n'kudikira zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri, nthawi zina kuposa apo. Mango okwatitsa, monga Tommy Atkins, Kent ndi Keitt, amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo mapeyala ndi malalanje okwatitsa nawo sachedwa monga amachedwera a njere. Nthochi imagwetsa mkoko pakatha chaka ndi miyezi ingapo. Papaya ndiye wachangu, chaka chisanathe kapena chitangotha wayamba, bola mudzale mbande zingapo, chifukwa mwa mapapaya alipo aamuna. Papaya wamwamuna ndi m'bale wanga weniweni: wamtali, wooneka bwino, maluwa mbwee olendewera pa timapesi titalititali, koma chipatso ayi. Komabe akatswiri amati musawadule onse, musiyeko mmodzi pakati pa aakazi angapo kuti mungu upezeke, ndipo mfundo imeneyi ndimaikonda kuposa mfundo ina iliyonse ya zaulimi. Kunena za kudikira, ndani m'dziko muno amadziwa kudikira kuposa mlesi? Zaka zitatu zimatipeza titakhala pamalo omwewo kaya tadzala kaya sitinadzale.

Wachiwiri ali ndi mfundo yolemera, ndipo ndi mbuzi. Anthu akangomaliza kukolola, ziweto amazitayirira, ndipo kuyambira pamenepo mpaka mvula yoyamba chobiriwira chilichonse chosatetezedwa ndi ndiwo ya mbuzi. Kuno kumalire vutoli ndi lapawiri, chifukwa mbuzi ya ku Zambia sidzera pa chipata cha Mwami kukadinditsa pasipoti. Imangodutsa m'munda wa mtedza, kudya nsonga ya mtengo wa Mmalawi, n'kukabzikula kwawo madzulo. Zathu nazo zimakabwezera tsidya linalo, ndiye tisadandaule kwambiri. Pano ndivomereze kuti chiphunzitso changa chili ndi msonkho wake, ndipo msonkhowo ndi mpanda. Dziko lino lidayamba tsiku lodzala mitengo pa 21 Januwale 1976, m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo masiku ano tili ndi nyengo yathunthu kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Zikadakhala kuti mbande iliyonse imene idajambulidwa chithunzi kuyambira 1976 idakula, bwenzi tikusochera m'nkhalango popita kuchigayo. Kudzala timadzala, ndi nyimbo ndi nthungululu zomwe. Chimene sitichita ndi kubwererako mu Ogasiti kukaona ngati mwana uja akadali moyo. Tsono mlesi wanzeru amange mpanda mtengo usanabwere: zikhomo zinayi, nsungwi kapena bango, minga kunja kwake, kapena njerwa zosanjikiza mosiya mipata. Ndi ntchito ya tsiku limodzi imene imakupulumutsa ku ntchito yothamangitsa mbuzi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kuthamanga ndi chinthu chimene gulu lathu lidachikana kalekale. Chokoma china n'chakuti manyowa abwino a mtengowo amachokera m'khola la mbuzi yomweyo, ndiye mdani amalipira chindapusa asanapalamule.

Wachitatu sayankhula mokweza. Amayamba wayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kunong'ona kuti iye ndi mkamwini. Mwa Achewa ambiri a ku Mchinji kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, malo ndi a mbumba, ndipo mwini mawu ndi malume. Munthu wotereyu amafunsa kuti adzalirenji peyala pamalo pamene tsiku lina, banja likagwedezeka kapena mkazi akatsogola, adzauzidwa kuti anyamule bulangete lake aone msewu. Mtengo sulowa m'chikwama. Funsoli si lachibwana, ndipo lalepheretsa mitengo yambiri kudzalidwa kuposa chiswe. Koma taganizani bwino, akamwini anzanga. Ana amene adzadye mapeyalawo ndi a yani? Pa chikamwini ana amatsala pamudzi pomwepo, kutanthauza kuti mtengo umene mukuukanawo mukumana ana anu omwe, kuti mukhaulitse alamu anu amene mwina sadya n'komwe mapeyala. Kuwonjezera apo, mkamwini waulesi amafunika umboni wooneka ndi maso. Mzere wa chimanga umene adalima chaka chatha palibe angauloze lero, koma mtengo umaima pabwalo nthawi zonse, ndipo pa mlandu uliwonse wa banja ankhoswe amakhala pansi pa mthunzi wake. N'kovuta kunena kuti munthu sadachitepo kanthu pamudzi pano uku ukuyamwa lalanje lake. Ndipo ngati zitavuta ndithu mpaka kuchoka, dzina limatsala. Mudzi umene udaiwala nkhope yanu udzapitiriza kunena kuti tikakumane pa mango a aPhiri aja. Anthu akhama ambiri adapita osasiya chikumbutso chotere.

Wachinayi ndi mayi wa pakhomo, ndipo funso lake ndi lalifupi: kodi nsima tidyera mango? Apa mlesi ayenera kuyankha mofatsa, chifukwa wofunsayo ndi amene wagwira mthiko. Sindikunena kuti masamba achoke pakhomo. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu azidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, ndipo a zaumoyo kwathu kuno pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amawerenga masamba paokha, zipatso paokha. Zimene ndikunena n'zakuti alipo masamba amene ali ndi mtima ngati wa mtengo, osafuna kunyengereredwa. Bonongwe amamera yekha pamene panali khola. Chisoso, luni ndi denje sizidafunsepo feteleza kwa munthu. Dzungu limodzi loponyedwa padzala limapereka nkhwani dzinja lonse, khwanya ndi chitambe zimabwera ngati basera pa nyemba ndi khobwe, kholowa pa mbatata, chigwada pa chinangwa. Agogo athu ankafutsa masamba amenewa, kuwayanika, n'kuwakulunga m'zikwatu za masamba a msuku, ndipo mu Okutobala mfutso wotendera unkatsitsa nsima popanda munthu kugwira kheni. Palinso cham'mwamba, mtengo umene masamba ake ndi ndiwo, womera ngakhale pongozika nthambi. Madzi otsukira mbale ndi ochokera kubafa, amene timangowataya pabwalo, akhoza kulera phata la nthochi ndi kabedi kamodzi ka mpiru kuseri kwa nyumba. Kabedi kamodzi, osati dambo lonse. Pamenepo ngakhale ine ndikhoza kuyang'anira ntchitoyo.

Otsala ndi aja amati mango akapsa amapsa kwa aliyense, mtengo wake pamsika wa pa boma n'kugwa, ndipo ana a eni ake amagenda usiku ndi usana mpaka malata kubooka. Zoona. Mankhwala ake ndi kusadzala mtundu umodzi. Mango amabwera kuyambira Novembala mpaka Januwale, magwafa ndi mapeyala mvula ikamapita kumapeto, malalanje, manachesi ndi mandimu nthawi yozizira, papaya ndi nthochi sizisankha mwezi. Mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi yosiyana imadyetsa khomo pafupifupi chaka chonse. Ndipo mango ochulukawo tisawanyoze, chifukwa amapsa nthawi imene nkhokwe zambiri zayamba kulira. Pa zaka za njala mabanja apulumukira mango aawisi ophika. Mu Malichi 2024, ng'amba ya El Niño itawotcha minda, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chimanga chimafota mvula ikasowa masabata atatu, koma mtengo wokhwima umamwa pansi pamene muzu wa chimanga sufika. Za ana ogenda ndilibe yankho, kupatula kuti aliyense wa ife amene ali ndi mano adagendapo mango a mwini, ndipo ngongole imeneyo iyenera kubwezedwa kwa wina.

Choncho anzanga a pa bawo, dzenje likumbidwe Novembala asanathe, dothi likadali kudikira mvula, ndipo mpanda uime mbande isanafike pakhomo. Mbande zokwatitsa funsani kwa alangizi a m'dera lanu kuti akulozereni nazale yodalirika, ndipo pogula muone ndi maso anu chipsera cha pamene adalumikiza. Amene alibe khasu abwere adzabwereke langa. Likadali latsopano.