A Manijala alipo?

Pakhomo pathu pano amanditcha Manijala, koma musaganize kuti ndi ulemu. Dzinali anayambitsa ndi mlongo wanga nditangobwera kuchokera ku Mzuni ndi digiri ya kayendetsedwe ka mahotela, ndipo mpaka lero mwana wa aneba akatumidwa kudzapempha mchere amayamba ndi kufunsa kuti, "A Manijala alipo?" Amandipeza ndithu. Nthawi zambiri ndimakhala ndilipo.

Masamu amene anandilowetsa m'maphunzirowa ndinawerengera ndekha, moti palibe womuloza chala. Ndili Fomu 4 tinapita kukaona nyanja ku Senga Bay, ndipo pahotela ina ndinaona chikwangwani cha mitengo ya zipinda, yolembedwa m'madola. Ndinatenga mtengo wa chipinda chimodzi, n'kuchulukitsa ndi zipinda zonse, n'kuchulukitsanso ndi masiku a pamwezi. Ndalama imene inatulukayo ndinaiyesa yanga. Bambo wina wa malaya oyera anatipatsira madzi akumwa, koma sindinaganize zomufunsa kuti mwezi ukatha amalandira zingati. Ndinkaona ngati wogwira ntchito pamalo poyenda madola amangotola, monga mwana amatolera mango pansi pa mtengo wa eni ake.

Ndalama za fizi ndi zodyera ndinakongola kubodi ya boma yobwereketsa ophunzira a m'mayunivesite, yomwe inakhazikitsidwa mu 2015. Mfundo zake n'zosabisa: ukamaliza sukulu amakupatsa kanthawi kopumira, kenako uyambe kubweza, ndipo ukalembedwa ntchito abwana ako azidula pamalipiro. Ine ndinasaina ndikumwetulira. Amayi atafunsa kuti, "Mwanawe, nanga udzabweza bwanji?" ndinawayankha kuti, "Amayi, miyezi itatu yokha basi." Mawu amenewa sanawaiwale. Amawakumbukira makamaka kukabwera alendo.

Ndinamaliza mu 2020, chaka cha Covid-19. Ndege zinasiya kutera ku Lilongwe ndi ku Chileka, ndipo mahotela ankabweza kunyumba anthu odziwa ntchito. Wachilendo ngati ine akanamufuna ndani? Ndinakhala pakhonde ndikuphunzitsa ana a mlongo wanga kuti foloko imakhala kumanzere, mpeni kumanja, iwo ali kalikiliki kutema nsima ndi manja.

Ntchito itapezeka pa loji ina ku Mangochi, inali yoperekera zakudya. Amene anandiphunzitsa kunyamula mbale zinayi padzanja limodzi anali mnyamata wa satifiketi ya ku Malawi Institute of Tourism, wamng'ono kwa ine, wopanda ngongole, ndipo tinkalandira chimodzimodzi. Mu 2024 boma litakweza malipiro ochepetsetsa kufika pa K90,000, tonse awiri tinayang'anizana, chifukwa mzere umenewo sunali patali ndi ife. Kumeneko ndi kumene ndinaona kumene madola aja amapita: dizilo wa jenereta magetsi akazima, msonkho, nyama ndi zakumwa, utoto wa zipupa, kenako mwini wake. Ndinaonanso kuti zipinda sizidzaza masiku onse monga ndinawerengera. Mvula ikayamba azungu amasowa. Amene amatidyetsa kwenikweni ndi a mawekishopu, a mabungwe ndi a boma, obwera ndi malaputopu ndi kufunsa chambo. Boma likangolengeza kuti pofuna kupulumutsa ndalama misonkhano ya kunyanja yaletsedwa, ife timayamba kupatsana masiku opita kuntchito. N'chifukwa chake ana a aneba amandipeza.

Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndinathamangira kwa amayi ndi nkhani yabwino. Ndinati ngongole yanga ili m'makwacha, ndiye kuti yachepa mphamvu yokha ine osatulutsa kanthu. Amayi anandiyang'ana kwa kanthawi n'kufunsa kuti, "Nanga malipiro akowo ali mu chiyani?" Ndinatuluka kukathirira matimati.

Sindikunena kuti maphunzirowa ndi achabe. Anzanga ena amene anapirira ali m'maofesi a mahotela akuluakulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena anawoloka kupita ku Cape Town ndi ku Dubai. Inenso china chake ndinatolako: ndimadziwa kuwerengera mtengo wa mbale imodzi ya chakudya mpaka kamchere. Luso limeneli ndi limene linandimaliza.

Tsiku lina ndinati ndiwathandize amayi pa geni yawo ya mandasi. Ndinatenga kope n'kulemba ufa, shuga, yisiti, mafuta, makala, ngakhale timapepala tokulungira. Cholinga changa chinali kuwaonetsa kuti akungodzivutitsa. Nditachotsera zonse, phindu lawo la pamwezi linaposa zimene zimanditsalira ine akadula ngongole ndi kuchotsapo thiransipoti ya ku Mangochi. Ndinabwereza masamuwo, poganiza kuti ndalakwitsanso ngati ku Senga Bay. Ulendo uno anali olondola.

Amayi anatenga kopelo, n'kuliyang'ana mozondotsa chifukwa magalasi anali kuchipinda, kenako anati, "Ndiye mawa udzuke folo koloko udzandikandire ufa. Zamalipiro tikambirana pakatha miyezi itatu."