Khoti la pansi pa tenti ya tomato

Mvula ikagwa ku msika wa Soweto ku Lusaka malonda amaima, koma pakamwa sipaima. Lachiwiri lapitali inayamba cha m'ma 10 koloko ndisanagulitse kanthu, ndipo tonse tinathamangira pansi pa tenti ya amayi a tomato. Ndinalipo ine ndi thumba langa la nsapato za salaula, mdala wa kapenta, mnyamata wa wilibala, ndi mlamu wanga wa ku Chelstone amene anabwera kudzandibwereka ndalama koma mvula inamupeza akadali pa malonje. Panalinso dona wina wa ku Kabulonga wodzaoda bokosi la tomato. Nsapato zake anali atanyamula m'manja, poti matope a ku Soweto sadziwa kuti uyu ndi wa kumayadi.

Anaputa nkhani ndi wa wilibala. Anayang'ana kapamela ka ufa kamene anagula m'mawa, n'kuyang'ana ine, n'kuti: "Ankolo, inu mwawaona onse. Pulezidenti woipitsitsa pa Zambia pano ndi uti?"

Munthu wanzeru akanati mvula yakula. Ine ndinakhala pa thumba la nsapato n'kudzisankha kukhala woweruza. Ndinalengeza kuti oimbidwa mlandu alipo 7 kuyambira 1964, kupatula a Guy Scott amene anangosungirako mpando miyezi itatu ngati munthu wokusungira malo pamzere wa basi.

Mdala wa kapenta sanadikire n'komwe kuti ndimuloze. "Kaunda!" Anati ana a masiku ano sadziwa mzere. Nthawi ya UNIP ukaona anthu afola pa ZCBC kapena pa NIEC, unkayamba waima kaye kumbuyo kwawo, kenako n'kufunsa kuti kukugulitsidwa chiyani. Ukafika kutsogolo n'kupeza kuti ndi sopo pamene iwe umafuna saladi, unkagula sopoyo n'kuthokoza. Coca-Cola inasowa, tinkamwa Tip Top. Kumsika ngati kuno ankakufunsa khadi la chipani usanafunse mtengo wa repu. Mu 1989 kunabwera makuponi a ufa, ndipo mu June 1990 mtengo utakwera, Lusaka yense anagenda miyala. Zaka 27, munthu mmodzi, kampango kamodzi koyera.

"Ndiye pachisankho ankapikisana ndi ndani?" anafunsa wa wilibala.

"Ndi chule," anatero mdala. Mnyamatayo anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, koma ndi mmene zinalili m'masiku a chipani chimodzi: papepala panali Inde ndi Ayi, ndipo Ayi anamupatsa nkhope ya chule. "Ine ndinavotera chuleyo," mdala anapitiriza. "Sanandilonjeze kanthu, ndipo mpaka lero sanandinamizepo."

Amayi a tomato anamufunsa kuti Chingelezi chimene amatiopseza nacho akaledzera anachiphunzira kuti, ndipo analipira zingati. Mdala anayamba kutola timiyala m'kapenta wake. Sukulu inali yaulere, chipatala chaulere, yunivesite ya pa Great East Road inatsegulidwa mu 1966, njanji ya TAZARA inafika. Ndipo mu 1991 atagonja, mkuluyo anatsanzika n'kupereka makiyi. Ndinalamula kuti mlandu wa a Kaunda uyambe waima.

Mlamu wanga anadzuka ngati loya, mutu n'kugunda tenti, madzi onse n'kukhuthukira pa dona wa ku Kabulonga. Atapepesa anati woipitsitsa ndi Chiluba, palibenso kukambirana. Anawerenga pa zala: Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, mabasi a UBZ anatsatira, makampani a boma anagulitsidwa ngati zitumbuwa za dzulo, abambo a ndevu zawo n'kumakhala pakhomo kudikira ndalama za penshoni. Munthu amene anamusiyira mpando mwamtendere anamutsekera m'ndende pa Khirisimasi ya 1997, atasinthanso malamulo kuti asaimenso poti makolo ake anachokera ku Nyasaland. Mu 2001 anafuna chigawo chachitatu, mpaka anthu anavala timaliboni tobiriwira n'kumaliza mahutala Lachisanu lililonse. Ndiye khoti la ku London mu 2007 linati iye ndi anzake anasowetsa madola 46 miliyoni, zina mwa ndalamazo zitapita ku sitolo ya ku Geneva kukagula masuti ndi nsapato zazitali chidendene.

Apa woweruza anaiwala kuti ndi woweruza. Ndinati munthu wolemekeza nsapato sangakhale woipa mtima. Ndinakumbutsa khoti kuti ku Lusaka konkuno anamupeza wosalakwa mu 2009. Ndinati ndani anatsegula zipata kuti salaula alowe, maminibasi adzaze misewu, mizere ya shuga ithe? Ndani anaika desiki ya ogulitsa m'misewu ku State House kwenikweniko? Ndani mu 1996 analamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe motchipa kwa okhalamo?

"Alamu," anatero mlamu wanga, "mukuweruza mlandu muli ndi pepala la nyumba ya ku Kabwata m'thumba."

N'zoona. Nyumba imene ndimagonamo anagula malemu bambo anga nthawi imeneyo, ndipo ine chimene ndinawonjezerapo ndi loko wa pachitseko. Koma ndinamukumbutsa mlamuyo kuti atangokwatira mlongo wanga anakhala zaka zitatu m'chipinda chakuseri cha nyumba yomweyo osalipira ngakhale ngwee imodzi. Tinagwirizana kuti anyani asasekane zikundu, tipite kwa wotsatira.

A Mwanawasa sanatitengere nthawi. Dona, akufinya diresi lake, anati nthawi yawo ngongole zakunja zinakhululukidwa mu 2005, kwacha inalimba, akuba akuluakulu anayamba kuona khomo la khoti. Mdala anang'ung'udza za chimanga chosinthidwa mbewu chimene anachikana mu 2002 anthu ali ndi njala. Amayi a tomato anati iwo chimene chimawapweteka n'choti adani a mkuluyo ankamutcha kabichi pofuna kumunyoza, ngati kabichi ndi chinthu chonyozeka, pamene mutu umodzi wabwino umadyetsa banja masiku awiri. Mlandu unathera pa mtengo wa kabichi.

Pa a Rupiah Banda ndinayesa kudumpha, poti kwathu ndi kum'mawa ndipo wako ndi wako. Wa wilibala anakana. Anati anamva kuti mu 2009, mkuluyo akuyankhula ndi atolankhani pabwalo la State House, nyani amene anali mumtengo anamukodzera pa jekete. Ndinavomera kuti zinachitikadi. Mdala anati ndiye kuti mlanduwo unaweruzidwa kale ndi khoti lapamwamba kuposa lathu, ife a pansi pa tenti sitingaubwerezenso. Amayi a tomato anangowonjezera kuti chimanga chinachuluka zaka zimenezo, ndipo bamboyo atagonja mu 2011 anapukuta misozi pamaso pa dziko lonse n'kuchoka.

A Sata anatilonjeza ndalama zambiri m'matumba m'masiku 90. Ine ndinakhulupirira mpaka ndinakasoketsa thumba la buluku limene linali lobooka. Kunena zoona, umiliyoneya ndinaulawako: usiku wa pa 31 December 2012 ndinagona ndili ndi K1,200,000 pansi pa pilo, kutacha boma litachotsa maziro atatu ndinadzuka ndili ndi K1,200. Akuti mphamvu ya ndalamayo inali yomweyo. Mwina. Koma ulemu umene ndinkadzipatsa poyenda unachoka ndi mazirowo. Dona anati ngongole za Eurobond zinayamba nthawi yomweyo, madola 750 miliyoni mu 2012. Wa wilibala anati asamunene King Cobra, dzina lina la a Sata, chifukwa ndi nthawi yake pamene Chipolopolo inatenga chikho cha Africa ku Libreville, kugonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate.

"Anamenyako penate iyeyo?" anafunsa mdala.

"Nanga Kaunda wanuyo njanji ya TAZARA anakhomako msomali?" anabweza mnyamata. Ndinamulembera mfundo imodzi.

Titafika pa a Lungu, dona anaika nsapato zake pansi kuti manja amasuke. Anati magalimoto ozimitsa moto 42 anagulidwa pa madola 42 miliyoni mu 2017, chaka chomwe City Market, apa pamphuno pathu, inapsa mu July. Anati mu November 2020 dziko linalephera kubweza ngongole, manyazi mpaka kunja. Amayi a tomato sanafune za madola. Iwo anakumbuka makada a chipani amene ankayenda m'misika ndi m'masiteshoni kutolera ndalama ngati anabzala nawo tomatoyo, ndi kolera ya kumayambiriro kwa 2018 pamene asilikali anatseka misika n'kugwiritsa anthu matsache. Wa wilibala anati komabe ndalama zinkayenda m'komboni, ndipo milatho yodutsa pamwamba ija mukuiona ndi maso.

Kenako tonse tinangoti zii, mvula yokha ikulira pa tenti. Tinakumbuka kuti mkuluyo anamwalira ku Pretoria mu June 2025, ndi kuti nkhani ya maliro ake inakafika mpaka kukhoti. Mdala anavula chipewa. Anati mwambo wathu sulola kunena zoipa za malemu, ndipo tikawerenga bwino, pa anthu 7 amene tikuwazengawa, 6 anagona kale. Ndiye kuti malinga ndi mwambo, watsala mmodzi yekha woti tingamunene.

Vuto ndi loti wotsalayo ndi amene ali ndi apolisi.

Mawu a aliyense anatsika. Mlamu wanga, loya uja wogunda tenti, anayamba kuyang'ana ngati pali wina kuseri kwa mabokosi. Ndinalimbitsa khoti mtima kuti lamulo loletsa kunyoza pulezidenti a Hichilema analichotsa mu December 2022. Mdala anati lamulolo linachoka m'buku, koma khosi lake silinalandire kalata. Monong'ona tinatchula thumba la ufa la makilogalamu 25 lodutsa K300, ndi 2024 pamene madzi anaphwa ku Kariba, magetsi n'kumabwera maola atatu ngati mlendo wodzapepesa maliro. Mokweza tinatchula sukulu yaulere ya 2022 ndi kuchoka kwa makada pamsika. Amayi a tomato anati adzukulu awo onse anayi ali pasukulu tsopano, ngakhale kuti desiki limodzi amakhalapo ngati tomato m'bokosi. Wa wilibala anati munthu amene anagwa kasanu pachisankho n'kudzukabe, akanakhala wa wilibala akanamulemba ntchito.

Dona anati tikudandaula chifukwa sitinayende. Anatchula Mobutu amene anakhala pa Zaire zaka 32, Idi Amin wa ku Uganda, a Kamuzu amene anadzipatsa upulezidenti wamuyaya, ndi pepala la ndalama la ku Zimbabwe la 100 thililiyoni limene silinkakwana ngakhale ndiwo za sabata. Athuwa, anatero, akagonja amapita: 1991, 2011, 2021. Mdala anayankha kuti kumva kuti nyumba ya mnzako inapsa sikutseka pamene pakudontha pako. Ananena akusuntha kapenta wake, poti tenti inali itayambadi kudontha.

Ndinakonza kukhosi kuti ndipereke chigamulo, koma amayi a tomato anandidula. "Bambo a nsapato, musanagamule. Inuyo munkavotera ndani?"

Ndinati voti ndi chinsinsi. Mlamu wanga anati chinsinsicho chili pa chingwe choyanikira zovala ku Kabwata. Anaulula zonse. Chitenje cha UNIP ndi katani ya kubafa. Cha buluu cha MMD chinakutira matiresi mpaka chinatha. Chobiriwira cha PF chinaberekera ana awiri. Chofiira cha UPND ndi chimene amayi a kunyumba amavala popita kuchigayo. Anati pa msonkhano uliwonse wa chipani chimene chatsala pang'ono kupambana, alamu ake amakhala kutsogolo akuvina, ndipo chipanicho chikatsala pang'ono kugwa, amakhala oyamba kunena kuti iwo anaona kale. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndili ndi anayi, ndipo taonani pamene mvula yandipeza.

"Komanso pali pulezidenti wina amene simunamutchule," anatero amayi a tomato, akupukuta manja pa epuloni. "Wa chilimba chathu cha 2019."

Ndinati nkhaniyo ili kunja kwa mphamvu za khoti lino. Sanandimvere. Anafotokozera dona mmene pulezidentiyo analowera ndi malonjezo oti aliyense adzagula firiji pofika Khirisimasi. Mmene anasinthira malamulo kuti mwezi wake wolandira ubwere kawiri. Mmene anatengera ndalama za gulu n'kukaoda belo la nsapato osalitsegula, n'kupezamo majombo a ubweya oyendera pa chipale chofewa, mwezi wa October, Lusaka akuwotcha ngati mbaula. Mmene anakanira kutula pansi udindo ponena kuti ntchito anaiyamba sanaimalize. Sindinabe, abale anga, ndipo ndinabweza zonse m'miyezi 14. Majombowo atatu akadali pansi pa thumba limene ndinakhalira, ngati pali amene akupita ku Canada.

Wa wilibala anaitanitsa chisankho cha manja. Ndinawerenga ndekha, poti ndine woweruza: mavoti 6 pa anthu 5. Mlamu wanga anakweza awiri. Ngakhale dona, amene anandidziwa ola limodzi lokha lapitalo, anakweza dzanja lake. Chule sanapeze voti ngakhale imodzi.

Ndinalengeza kuti zotsatirazo ndazikana ndipo ndikadandaula kukhoti lalikulu. Mvula inakata, dona anakweza bokosi lake pa wilibala, ndipo mlamu wanga anandikokera pambali n'kunena kuti zandale zisatidanitse, ndimubwereke K200. Ndinamupatsa K50.

Madzulo ku Kabwata ndinakapereka apilo yanga. Ndinapeza amayi a kunyumba akukolopa pakhonde ndi sikipa ya chipani china chimene sindikukumbukanso kuti ndinachivinira liti. Anamvetsera nkhani yonse osaima kukolopa, kenako anafinya sikipayo m'ndowa.

"Mavoti 6 okha?" anatero. "Bwanji sanandiimbire foni? Sunthani phazi, pamenepo sindinakolope."